Botolo si thumba la feteleza

Bodza lina lalowa m'misika yathu, ndipo lalowa litavala bwino. Lili m'mabotolo onyezimira okhala ndi chithunzi cha chimanga chobereka ziwiriziwiri. Limalengezedwa pa tsiku la msika, limayenda m'magulu a alimi a pa WhatsApp, limanong'onezedwa pa kauntala mlimi akamabweza dzanja m'thumba atamva mtengo wa urea. Bodzalo limati mlimi asavutikenso ndi feteleza wodula, chifukwa botolo limodzi la busita likwanira ekala yonse ndipo lilowa m'malo mwa matumba awiri.

Aliyense wouza mlimi mawu amenewa ndi wakuba. Akumubera ndalama lero, ndipo akubera ana ake nsima ya chaka chamawa. Chopweteka kwambiri n'chakuti akusankha womubera mosamala: mayi amene dzina lake silinatuluke pa makuponi, bambo amene watenga ngongole ku banki m'khonde, mnyamata amene wagwira ganyu mwezi wathunthu kuti apeze kogulira zipangizo. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 feteleza anakwera padziko lonse. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thumba la makilogalamu 50 linadutsa K100,000. Munthu wothedwa nzeru amakhulupirira msanga, ndipo ogulitsa zonama amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Koma mkwiyo usatitseke maso. Zina mwa zimene zili m'mabotolo ndi m'mapaketi amenewa ndi sayansi yeniyeni, ndipo dziko lino likuzifuna. Akatswiri amazitcha ma biostimulant. Zilipo zopangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja yamchere, monga Kelpak wa ku South Africa amene amachokera ku ndere zikuluzikulu za m'mphepete mwa nyanja ku Cape. Zilipo zochokera ku zinthu zowolerana zakalekale za m'nthaka, zotchedwa humic ndi fulvic. Zilipo zochokera ku mapuloteni ophwanyidwa. Ndipo zilipo zamoyo, mabakiteriya ndi mafangasi okhala pa mizu. Ntchito yake ndi kukulitsa mizu kuti ifike patali, kuthandiza mbewu kupirira ng'amba ndi kutentha, kapena kumasula chakudya chimene chamangika m'dothi.

Mayiko a European Union anaika zinthuzi m'lamulo mu 2019, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022. Limanena mosabisa kuti ntchito ya biostimulant siidalira chakudya cha mbewu chimene chili m'kati mwake. Limatchula ntchito zinayi zokha zimene wopanga angalonjeze: kuthandiza mbewu kugwiritsa ntchito bwino chakudya, kupirira nyengo yovuta, kukometsa zokolola, ndi kumasula chakudya chomangika m'nthaka. Chimene wopanga walemba pa botolo ayenera kuchitsimikiza ndi umboni. Kumene zinthu zambirizi zimapangidwa, lamulo lenilenilo likuti si chakudya cha mbewu. Nanga zikafika pa msika wa ku Mitundu kapena ku Jenda zimasanduka bwanji feteleza?

Mwana wosafuna kudya mukhoza kumupatsa mankhwala obwezera chilakolako, ndipo amathandizadi. Koma ngati m'nyumba mulibe ufa, mankhwalawo sangamunenepetse. Biostimulant ili chimodzimodzi. Imathandiza mbewu kudya bwino chimene chilipo, siibweretsa chimene palibe.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo mlimi aliyense ayenera kuwadziwa. Urea ali ndi 46 peresenti ya nayitrojeni, kutanthauza kuti m'thumba limodzi la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23. Tiyerekeze kuti botolo la lita imodzi lili ndi 10 peresenti ya nayitrojeni, ngakhale ambiri safika n'komwe pamenepo. Amenewo ndi magalamu pafupifupi 100. Kuti mufanane ndi thumba limodzi la urea mufunika mabotolo pafupifupi 230. Tani imodzi ya chimanga imachoka m'munda ndi makilogalamu oposa 12 a nayitrojeni m'maso ake okha, osawerengera wa m'mapesi. Kwa zaka zambiri alangizi akhala akuphunzitsa kuti hekitala ya chimanga cha hayibulidi imafuna makilogalamu 92 a nayitrojeni. Wogulitsa botolo atiuze kumene chimanga chikatenge makilogalamu amenewa. Ngati sakuchokera m'thumba, m'manyowa kapena m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, ndiye kuti akuchokera m'nkhokwe ya nthaka yomwe yaguga kale. Mlimi wopopera botolo lokha akukama munda wake, ndipo chaka chilichonse uzimubwezera zochepa.

Chimene chimapusitsa anthu ndi masamba. Mukapopera madzi okhala ndi kanayitrojeni pang'ono kapena ayironi, masamba amabiriwira m'masiku ochepa, ndipo wodutsa pamsewu amayamikira. Koma sitidya masamba a chimanga. Mlandu umaweruzidwa mu Meyi, pa sikelo, pamene wogulitsa uja anasamukira kale ku msika wina.

Kodi zenizenizo zimathandiza motani? Akatswiri a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'minda wa m'mayiko ambiri, ndipo mu 2022 analengeza kuti ma biostimulant osakhala amoyo amakweza zokolola ndi 17.9 peresenti mwa avereji. Anapezanso kuti phindu limakula m'madera ouma, pa mbewu zamasamba, ndiponso m'nthaka yamchenga yosowa zowolerana. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa mlimi wa kudimba, ndi kwa mlimi wa ku Balaka kapena ku Chikwawa kumene ng'amba siichedwa. Koma onani kukula kwake. Munda wa matumba 10 ukhoza kupereka 12. Sungapereke 30. Ndipo avereji imabisa minda yambiri kumene sikunasinthe kanthu.

Pamene asayansi atsegula mapaketi ogulitsidwa m'masitolo n'kuwayeza, zimene apeza n'zochititsa manyazi. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2022, wotsogoleredwa ndi Matthias Salomon wa ku yunivesite ya Adelaide, anayeza mapaketi a mafangasi a pa mizu ogulidwa ku Australia ndi ku Ulaya, ndipo oposa 80 peresenti sanamere pa mizu n'komwe. Ku America, mayunivesite a m'zigawo 10 zolima chimanga anayesa mabakiteriya amene amalengezedwa kuti amapatsa chimanga nayitrojeni wochokera mumpweya. Lipoti limene David Franzen wa ku North Dakota anatsogolera mu 2023 linaonetsa kuti pa mayeso 61, mayeso 59 sanaonetse kukwera kwa zokolola. Awa ndi mayiko okhala ndi malabotale, makhoti achangu ndi alimi odziwa kusumira kampani. Ngati katundu wosagwira ntchito akupezeka pa shelefu kumeneko, mukuganiza kuti chikufika kwa ife ndi chiyani, atadutsa m'madoko, m'magalimoto otentha ndi m'magolosale a malata mu Okutobala?

India anaona vutoli n'kulitchula dzina. Mu 2021 dzikolo linaika ma biostimulant pansi pa lamulo lake la feteleza. Mu 2025 nduna ya zamalimidwe, Shivraj Singh Chouhan, inanena poyera kuti kwa zaka zambiri mitundu pafupifupi 30,000 ya katunduyu inkagulitsidwa popanda woyang'anira, ndipo boma litakhwimitsa kuyeza inatsala mazana ochepa chabe. Ndunayo inadzudzulanso khalidwe lokakamiza mlimi kugula botolo kuti amugulitse thumba la feteleza. Tamverani kuchuluka kwake: masauzande a mayina okongola, ndipo ochuluka sanathe kuima pamaso pa woyeza. Katundu wokanidwa kwina amafunafuna dziko limene chitseko chake chilibe mlonda.

Palinso gulu lina lofunika kuliyankha. Awa savala malaya a ogulitsa, amabwera ndi mapulojekiti ndi misonkhano ya m'mahotela, n'kumalalikira kuti feteleza wa m'thumba ndi poizoni, mlimi wa ku Africa amusiye lero lomwe, zachilengedwe zimukwanira. Akawerenge za Sri Lanka. Mu Epulo 2021 pulezidenti Gotabaya Rajapaksa analetsa kuitanitsa feteleza wa kufakitale, n'kulamula kuti dziko lonse lilime ndi zachilengedwe nthawi imodzi. Pofika Novembala chaka chomwecho boma linabwerera m'mbuyo, koma mpunga unali utagwa kale, tiyi atavulala, ndipo dziko limene linkadzidyetsa mpunga linayamba kugula kunja. Mu Julayi 2022 Rajapaksa anathawa m'dzikomo anthu atakwiya ndi mavuto a chuma amene chiletsocho chinawonjezera. Mlimi wa ku Africa ndiye amathira feteleza wochepa kwambiri padziko lonse. Atsogoleri athu anagwirizana ku Abuja mu 2006 kuti afike makilogalamu 50 pa hekitala pofika 2015, ndipo mayiko ochuluka sanafikepo. Kuuza munthu woteroyo kuti achepetse n'kumutumiza ku njala.

Tsopano nditembenukire kwa amene ndawakwiyira kwambiri, chifukwa iwo ali ndi mphamvu ndi udindo. Kuyambira nyengo ya 2005/06, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi, mfundo yathu ya ulimi yakhala imodzi: thumba lokulitsa, thumba lobereketsa, mbewu ya chimanga. Mu 2020 pulogalamu ya makuponiyo inasintha dzina kukhala AIP, thumba n'kutsika kufika pa K4,495, koma nzeru yake sinasinthe. Gawo lalikulu la ndalama za Unduna wa Zamalimidwe lakhala likuthera pa matumba awiriwa, kafukufuku ndi ulangizi n'kumatola zotsala. Matumba awiriwo ali ndi nayitrojeni wosakwana makilogalamu 35. Ndalama zakunja zimene tilibe timazitumiza chaka ndi chaka kukagula mchere umene timathira m'nthaka yosatha kuusunga. Mu 2022 tinafika potumiza K750 miliyoni ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama kuti itipezere feteleza.

Nthawi yonseyi nthaka ikupita. Kafukufuku amene FAO inachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 hekitala iliyonse inkataya dothi lokwana matani 29 pa chaka mwa avereji. Dothi limene limakokoloka ndi lapamwamba, lomwe muli chonde ndi tizilombo tothandiza mbewu. Lotsalalo timalilima chimanga chaka ndi chaka, mapesi timatentha posaka mbewa, asidi akuchuluka, kaufiti akufalikira. M'nthaka yotere feteleza sabweza mokwanira. Mvula ikagwa yambiri amatsukidwa, ikadula amapsereza. Mlimi akamadandaula kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu, nthawi zambiri vuto si thumba, ndi munda. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha El Niño mu 2024, chimene chinachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi, zinaonetsa poyera kuti munda wopanda zowolerana sugwira madzi ndipo supirira dzuwa.

Apa ndi pamene ma biostimulant enieni ali ndi malo. Ntchito yake ndi kuchititsa kuti kilogalamu iliyonse ya feteleza wodulayo ibweze zambiri, ndi kuti mbewu idikire mvula masiku ena angapo isanafote. Ndipo pa zonsezi pali chimodzi chimene umboni wake sukayikitsa, chimene chakhala chikugulitsidwa padziko kuyambira 1896, chotsika mtengo kuposa china chilichonse m'sitolo ya zaulimi, koma chimene boma lathu silinachiikepo mtima wofanana ndi umene limaika pa makuponi. Ndikunena inokulanti wa soya ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba.

Mpweya umene tikupumawu, 78 peresenti yake ndi nayitrojeni. Chimanga sichingamutenge. Koma mabakiteriya otchedwa rhizobium amalowa m'mizu ya soya, mtedza, nandolo, nyemba ndi khobwe, n'kupanga timaphundu, ndipo m'timaphundumo amasandutsa nayitrojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu. Mbewu imawalipira ndi shuga. Inokulanti, amene amakhala ndi mabakiteriya amenewa, ndiye yekha mwa onse a m'gululi amene amabweretsadi nayitrojeni watsopano m'munda mochuluka, ndipo amachita zimenezi pa mbewu za mtundu wa nyemba, osati pa chimanga. Chimanga chimapindula chaka chotsatira, chikabzalidwa pamene panali soya kapena nandolo, masamba ndi mizu zitawolerana m'nthaka.

Brazil anamanga chuma pa kachilombo kameneka. M'zaka za m'ma 1960, wasayansi Johanna Döbereiner anaumirira kuti soya wa dzikolo asankhidwe ndi kuswanitsidwa modalira mabakiteriya, osati feteleza wa nayitrojeni monga ankachitira ku America. Ambiri sanamumvere msanga, koma dziko linamutsatira. Bungwe la boma la kafukufuku wa ulimi, Embrapa, litakhazikitsidwa mu 1973, linapitiriza ntchitoyo kwa zaka makumi ambiri, kusankha mitundu ya mabakiteriya yoyenera nthaka yawo, kuiyesa m'minda, ndi kuika malamulo a kuchuluka kwa tizilombo tamoyo tofunika kupezeka m'paketi iliyonse. Lero Brazil ndiye amalima soya wambiri padziko lonse, ndipo pafupifupi yense sathiridwa feteleza wa nayitrojeni. Madola mabiliyoni ambiri amatsala m'dzikomo chaka chilichonse. Mu 2025 Mariangela Hungria wa ku Embrapa analandira mphoto ya World Food Prize chifukwa cha ntchito yomweyi.

Mvetserani zimene gulu la Hungria linapeza pa chimanga. Pogwiritsa ntchito bakiteriya wotchedwa Azospirillum brasilense, amene amakulitsa mizu, mlimi akhoza kuchepetsa feteleza wobereketsa ndi 25 peresenti osataya zokolola. Katswiri wolemekezeka padziko lonse, atagwira ntchito moyo wake wonse, akunena gawo limodzi mwa magawo anayi. Munthu wa chimkuzamawu pa msika akunena kuti feteleza yense musiye. Mlimi asankhe yekha womukhulupirira, koma boma lili ndi udindo womuuza kuti mawu awiriwa salemera mofanana.

Ife sitikuyambira pansi. Ku Chitedze akhala akupanga inokulanti kwa zaka zambiri, ngakhale wochepa. Pulojekiti ya N2Africa, imene inayenda kuyambira 2009 mpaka 2019 motsogoleredwa ndi Ken Giller wa ku Wageningen, inagwira ntchito ndi alimi a kuno, ndipo m'mayiko amene inafika inaonetsa kuti soya amachita bwino koposa inokulanti akaphatikizidwa ndi fosifolasi pang'ono. Inokulanti wa Nitrofix amapangidwa kuno komwe. Mbewu za soya monga Tikolore, Makwacha ndi Nasoko zilipo. Alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dedza ndi Mzimba amadziwa kulima soya. Ku Makoka, gilisidiya wobzalidwa pakati pa chimanga wakhala akuyesedwa kuyambira 1992, ndipo waonetsa kuti chimanga chimabereka bwino masamba ake akakwiriridwa, makamaka akathandizidwa ndi feteleza wochepa. Alimi a ku Ekwendeni, pamodzi ndi akatswiri, anakhwimitsa njira yobzala nandolo pamodzi ndi mtedza, kenako chimanga chaka chotsatira. Msangu uli m'minda ya m'mbali mwa nyanja kuyambira kale. Nzeru ilipo, mbewu zilipo, fakitale ilipo. Chosowa ndi boma lofuna kuika ndalama pa chinthu chimene sichigawidwa pa msonkhano wa ndale.

Ngakhale cham'mwamba chimene chili kuseri kwa nyumba zambiri chili pa mndandanda wa asayansi. Madzi ofinyidwa m'masamba ake anthete ali ndi zinthu zofulumizitsa kukula kwa mbewu, ndipo ayesedwa m'mayiko angapo pa tirigu, tomato ndi chimanga. Funso loti amathandiza motani pa tomato wa ku Ntcheu kapena anyezi wa ku Dedza, pa mulingo wanji ndiponso nthawi iti, ndi la ophunzira a ku Bunda. Apatseni ndalama ayankhe. Chimodzimodzi manyowa a Mbeya amene alimi ambiri akupanga posakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kuvundikira masiku 21. Mlimi akuyesetsa kutambasula kochepa kamene ali nako, ndipo ayenera kuuzidwa ndi manambala kuti m'thumba la Mbeya muli chakudya chochuluka bwanji, kuti asaliwerengere ngati thumba la urea. Dziko limene limasiya mafunso otere osayankhidwa limapereka alimi ake m'manja mwa aliyense wodziwa kulankhula.

Ena adzati ndikupha bizinesi, msika udziweruza wokha, katundu woipa adzafa yekha. Ayi. Wogula sopo wosachita thovu amadziwa tsiku lomwelo. Mlimi amadziwa pakatha miyezi isanu, ndipo ngakhale pamenepo sangasiyanitse ngati walakwa ndi botolo, mvula, ntchemberezandonda kapena kuchedwa kupalira. Amalima kamodzi pa chaka. Kulakwitsa kumodzi ndi njala ya banja lonse. Msika umene wogula sangathe kuyeza katundu umalemeretsa wabodza, chifukwa madzi othira utoto ndi otsika mtengo kupanga kuposa mabakiteriya amoyo. Wogulitsa wachilungamo ndiye woyamba kuvulala, popeza mlimi wopusitsidwa kamodzi amakana zonse, ndi inokulanti weniweni yemwe. Kuyeza sikupha bizinesi, kumateteza yoona.

Zofunika kuchita n'zodziwika. Katundu aliyense wolonjeza kukweza zokolola ayesedwe m'nthaka yathu asanafike pa shelefu, nyengo zosachepera ziwiri, m'malo osiyana monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa, ndiponso m'minda ya alimi wamba, moyerekeza ndi munda wosathiridwa. Komiti ya boma yovomereza njira zatsopano zaulimi ilipo kale. Igwire ntchito, ndipo zotsatira zilengezedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, zabwino ndi zoipa zomwe. A Malawi Bureau of Standards azikagula mapaketi m'magolosale a kumidzi mosadziwika n'kukawerenga tizilombo tamoyo tili m'katimo, osati kulandira chitsanzo chimene kampani yasankha yokha. Lamulo la feteleza limene silifika pa shelefu ya ku Nsundwe ndi pepala chabe.

Pa botolo palembedwe m'chilankhulo chimene mlimi amawerenga: muli chiyani, chochuluka bwanji, n'cha mbewu iti, chinapangidwa liti, chitha mphamvu liti, chisungidwe motani. Palembedwenso ndi zilembo zazikulu kuti ichi sichilowa m'malo mwa feteleza kapena manyowa. Wolengeza zosiyana ndi zimenezi, kaya pa wailesi, pa Facebook kapena pa msika, a Competition and Fair Trading Commission amuitane, chifukwa kunamiza wogula ndi mlandu kale. Wokakamiza mlimi kugula botolo kuti apeze thumba alandidwe chiphaso.

Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo isiye kukhala ya matumba awiri okha. Muikemo mbewu ya soya, mtedza ndi nandolo yokwanira gawo lenileni la munda, paketi ya inokulanti, ndi laimu kumene nthaka yachita asidi. Mtengo wa thumba limodzi la urea ungagule mapaketi ambirimbiri a inokulanti. Ndipo soyayo akhale ndi msika wodalirika, chifukwa mlimi sangasinthe mbewu ngati boma likutseka ndi kutsegula malire mwadzidzidzi mtengo n'kugwa iye atakolola. Ku Nairobi mu Meyi 2024 atsogoleri a Africa anasaina kuti adzakonza 30 peresenti ya nthaka yowonongeka pofika 2034. Aphungu afunse nduna kuti mzere wa lonjezo limeneli uli pati m'bajeti. Alembeni ntchito alangizi, muwapatse njinga ndi mafuta, chifukwa pamene mlangizi safika, wogulitsa ndiye amakhala mphunzitsi.

Inunso alimi anzanga, musadikire boma pa zonse. Safunsa anadya phula. Musanagule, funsani munda umene katunduyo anayesedwa, dzina la mudzi, ndi matumba amene anatuluka. Mukagula, musathire munda wonse. Siyani mizere khumi yosapopera pakati pa munda, mbewu yomweyo, feteleza yemweyo, tsiku lobzala lomwelo, ndipo pokolola muyeze padera. Mukachita zimenezi anthu asanu m'kalabu imodzi, mudzadziwa zoona kuposa wogulitsayo. Inokulanti ndi wamoyo. Musagule paketi yopachikidwa padzuwa kapena yopitirira tsiku. Sakanizani ndi mbewu pamthunzi, bzalani tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi. Soya akayamba maluwa, zulani phata limodzi, dulani kaphundu ka pa muzu ndi chikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira, tizilombo tikugwira ntchito. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, sitikugwira. Ndipo ngati ndalama yanu ikukwana chinthu chimodzi chokha cha chimanga, gulani chakudya cha mbewu, kwirirani mapesi, tutani manyowa. Botolo lizibwera pambuyo pa zimenezi.

Ulimi wokhalitsa sugulidwa pa kauntala. Umamangidwa ndi dothi lotetezedwa ku madzi othamanga, mapesi osatenthedwa, kasinthasintha wa mbewu, mitengo ya m'munda, feteleza wothiridwa pa nthawi yake, ndipo pamwamba pa izi, ma biostimulant amene apambana mayeso. Amene akugulitsa chomalizirachi ngati kuti ndicho maziko akunamiza anthu osauka. Amene ali ndi mphamvu yomuletsa koma akungoyang'ana akugawana naye mlanduwo.

Choncho Unduna wa Zamalimidwe utulutse mndandanda wa katundu amene wayesedwa ndi kuvomerezedwa mvula yoyamba isanagwe, uwerengedwe pa wailesi, upachikidwe pa khomo la sitolo iliyonse ya zaulimi ndi pa ofesi ya mlangizi aliyense. Amene sali pa mndandandawo achoke pa shelefu. Mwini wake akafuna kubwerera, abweretse munda, sikelo ndi manambala. Akapitiriza kugulitsa popanda zimenezi, akayankhe kukhoti ngati wina aliyense wotenga ndalama ya munthu mwachinyengo.